Botolo lodziwa kwawo

Mlendo akafika pakhomo, Amalawi sitichedwa kumufunsa kwawo. Moni akangotha, madzi akamwa, funso limabwera: kwanu n'kuti? Ife okhala ku Area 49 timadziwa kuti kuyankha kuti "ku 49" sikuthetsa nkhani. Uwonjezere kuti ku Gulliver, ku Shire kapena ku Dubai, wofunsayo amangogwedeza mutu n'kubwereza: ayi, ndikunena kumudzi. Akufuna boma, mfumu yaikulu, nyakwawa. Nambala simukwanira. Ena amati limeneli ndi tsankho, ndipo nthawi zina ndi tsankhodi. Koma pansi pake pali nzeru yakale. Munthu wodziwika kwawo ali ndi kokamutula zikavuta, ndipo akalakwa pali khomo lokagogoda.

Ndiye ndakhala ndikudzifunsa: kodi zimene timadya ndi kumwa nazo ziyenera kuyankha funso lomweli? Ndipo chinthu chikanena kwawo, n'chilungamo kuti tilipire zambiri chifukwa cha kunenako? Nditenga vinyo ngati chitsanzo. Amene simumwa musathawe. Zoti mowa ndi tchimo kapena ayi, abusa ndi mashehe nkhaniyo ali nayo kale, ine sindiilanda.

Anthu a vinyo ndi amene funso la kwanu n'kuti anafika nalo patali kuposa wina aliyense. Botolo wamba limangotchula dziko: South Africa, Chile. Lina limatchula dera, monga Stellenbosch. Koma pali lina limene limatchula munda weniweniwo, ndipo pachingerezi amati single vineyard. Mphesa zonse zimene zalowa m'botolomo zinathyoledwa pamunda umodzi, wokhala ndi dzina ndi malire, osasakaniza ndi za kwa aneba. Ku South Africa, kumene malamulo a Wine of Origin anayamba mu 1973, munda wotere suyenera kupitirira mahekitala 6 ndipo umalembetsedwa. Ku Burgundy, m'dziko la France, amonke anatha zaka mazanamazana akulima phiri lomwelo n'kumaona kuti mzere uwu ukubala vinyo wosiyana ndi wa mzere wa kuseri kwa kanjira. Timinda timene anagawa motero pamodzi ndi alimi ena, tokwana 1,247, UNESCO inatiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2015. Kamodzi mwa ito, Romanée-Conti, n'ka mahekitala 1.8 basi, pafupifupi maekala anayi ndi theka. Mu 2018 botolo limodzi la vinyo wa 1945 wa pamundapo linagulidwa madola 558,000 ku New York. Sinthani nokha m'makwacha, kaya pa reti ya kubanki kaya ya kuseri, mutu uwawa chimodzimodzi.

Minda yambiri yotchuka motere ili kozizira, ndipo pali chifukwa. Kotentha mphesa zimapsa mothamanga, shuga amachuluka, kuwawasa kumathawa, vinyo amatuluka wolemera ndi waukali. Kozizira zimapsa pang'onopang'ono, kuwawasa kumatsala, fungo limakhwima bwino. N'chifukwa chake ku South Africa mabanja ena anakabzala ku Elgin ndi ku Hemel-en-Aarde, pafupi ndi Hermanus, kumene mphepo ya kunyanja imaziziritsa mapiri. Koma kozizira n'koopsanso. Chisanu chikabwera molakwika, kapena mvula ikagwa pa nthawi yokolola, chaka chapita. Kampani yaikulu zimenezi sizimaigwetsa, imagula mphesa kuno ndi uko, n'kusakaniza mpaka botolo la chaka chino lifanane ndi la chaka chatha. Banja la munda umodzi lilibe kothawira. Chaka chikaipa, kuipako kumamveka m'kapu, ndipo chaka chomwecho chalembedwa pa lebulo, aliyense aone. Ine apa ndi pamene ndimayamba kuwapatsa ulemu anthuwa. Anasankha bizinesi imene siilola kubisa chaka choipa.

Mwina mukuti awa ndi masewera a anthu okhuta. Mbali ina ndi zoona. Koma taonani mmene ifeyo timagulira zinthu. Mpunga timafuna Kilombero wa ku Karonga. Manachesi akhale a ku Mwanza, zinanazi za ku Mulanje, kachewere wa ku Tsangano. Msika wa ndiwo zamasamba m'tauni muno tinautcha Lizulu, dzina la malo a ku Ntcheu kumene masamba amachokera. Palibe anatiphunzitsa zimenezi m'kalasi. Lilime linadziwa lokha kuti dothi ndi mphepo ya malo zimalowa m'chakudya.

Ndipo dzina likakhala ndi mtengo, bodza limalitsatira. Ndinagulapo thumba la Kilombero pamsika wina, wogulitsa atandinunkhiritsa wa pamwamba. Kufika pakati pa thumba, fungo linali litatsala ku Karonga. Chimene chinandipweteka si ndalama zokha ayi. Ndinaona kuti munthu uja anaba kawiri: anandibera ine, n'kuberanso mlimi wa ku Karonga amene dzina lake linagwiritsidwa ntchito kugulitsira mpunga wa eni. Mawa ndikadzakumana ndi Kilombero weniweni ndidzakayika, ndidzanenerera, ndipo wolipira kukayika kwangako ndi mlimi amene sanandinamize.

Lilongwe yathu ino ili ndi banja lake lopanga vinyo. Ku Area 3 kuli Linga Fine Foods and Winery, ya banja la a Ngwira. Vinyo wawo si wa mphesa, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mphesa za vinyo zimafuna nyengo yozizira yoti mitengo igone, kenako dzuwa louma pamene zikupsa. Kwathu kuno kutentha ndi mvula zimabwera limodzi, ndipo chinyezi pa mphesa zakupsa ndi chuku ndi kuola. Ku Dodoma ku Tanzania zimatheka chifukwa n'kouma. Choncho a Linga anatenga zimene dziko lino limabala mosakakamiza: jambula, chidede, magwafa, mabulosi, mapichesi, mapulamu, sitiroberi, zogulidwa kwa alimi ang'onoang'ono. Jambula yemweyu amene ana amabwera naye kunyumba milomo ili bii, malaya atathimbirira. Ku Karonga nako amayi a gulu la Twitule akupanga vinyo wa nthochi, zimene kutentha kumazipsetsa msanga zisanapeze wogula. Mabukhu a vinyo a ku Ulaya angakane kuti ameneyu si vinyo weniweni poti alibe mphesa. Ine ndimaona kuti ngati mfundo ndi yoti chakumwa chinene zoona za kwawo, jambula wa ku Lilongwe akunena zoona kuposa mphesa zimene tikanazikakamiza ndi mankhwala sabata ndi sabata kuti zipirire mvula ya Januwale.

Tsopano pali liwu lina limene limapezeka pa mabotolo a mabanja aja a kozizira, ndipo ndi limene linandikhazika pansi: biodynamic.

Mu Juni 1924, Rudolf Steiner, munthu wa nzeru zakuya wa ku Austria amene sanali mlimi, anakamba nkhani zisanu ndi zitatu kwa alimi ku Koberwitz, malo amene lero ali m'dziko la Poland. Alimiwo ankadandaula kuti chiyambire feteleza wa m'fakitale nthaka ndi mbewu zikufooka. Zina zimene anawauza n'zomveka kwa aliyense: munda ukhale ngati thupi limodzi, ziweto zidyetse nthaka, nthaka idyetse ziweto, za kunja zichepe. Koma anawauzanso izi. Tengani ndowe za ng'ombe yaikazi, muzilonge m'nyanga ya ng'ombe, mukwirire m'munda nyengo yozizira isanayambe. Ikatha mufukule, mutapeko pang'ono, muike m'madzi, mutakase kwa ola lathunthu, uku mukutembenuza mbali yotakasira, kenako muwaze m'munda. Ameneyo amamutcha 500. Palinso 501, mwala woperapera wolongedwa m'nyanga momwemo. Palinso maluwa olongedwa m'matumbo a ng'ombe, ena m'chikhodzodzo cha mphalapala ya kwawoko, ndi makungwa okwiriridwa m'chigaza cha chiweto. Otsatira ake anawonjezera kalendala yonena masiku obzala ndi okolola potengera mwezi ndi nyenyezi. Bungwe la Demeter limayendera minda n'kupereka satifiketi. Romanée-Conti ija imalimidwa motere. Ku Stellenbosch banja la Reyneke limalima motere.

Werenganinso ndime imeneyo m'Chichewa chathu. Munthu wakwirira nyanga m'munda.

Mukudziwa chimene chingachitike kumudzi agogo anu atapezeka mbandakucha akufukula nyanga pakati pa mizere, chigaza cha mbuzi chili pambali. Palibe angafunse za satifiketi. Liwu loti nyanga kwa ife lili ndi matanthauzo awiri, ndipo lachiwirilo lapha anthu. Anganene kuti ndi mfumba, akukoka chimanga cha anzawo usiku. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma lamulolo silinawateteze agogo anayi a banja limodzi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016, mphenzi itapha mtsikana m'mudzimo. Ndiye mzungu akakwirira nyanga, botolo limakwera mtengo ndipo olemba magazini amabwera kudzajambula. Agogo akaganiziridwa chabe, nyumba imayaka. Zimenezi zimandiwawa, ndipo sindikufuna kuzikometsa.

Komabe kukwiya kokha sikuyankha funso. Kodi kusiyana kwake ndi khungu ndi ndalama basi? Ndaganiza, ndipo ndikuona kuti pali kanthu kenanso. Ine nyanga ya Steiner sindiikhulupirira. Ofufuza amene anayerekeza minda ya biodynamic ndi minda ya manyowa wamba sanapeze umboni wogwirika woti nyangayo payokha imasintha kanthu. Mfumba sindiikhulupiriranso. Koma tikaziika pamodzi ngati zikhulupiriro, zimasiyana pa zinthu ziwiri. Nyanga ya mlimi wa mphesa ndi ya poyera. Analemba m'buku, amaitana alendo kudzaonerera, woyendera amabwera kudzafunsa. Ndipo palibe amene amati imatenga za mnzake, mwini wake amangokhulupirira kuti ikudyetsa dothi lake. Nyanga imene ife timaopa ndi ya usiku, ndipo nkhani yake yonse ndi yoti kuti ine ndikolole, wina aluze. Chimene chimaopsa si nyanga, ndi chinsinsi ndi maganizo akuti mwayi wa mnzako wabedwa kwa iwe. Mlimi wakhama akadzaza nkhokwe, ife m'malo mofunsa kuti manyowa anathira liti, timafunsa kuti anapita kwa sing'anga uti.

Nanga n'chifukwa chiyani minda ya biodynamic yambiri imaoneka yathanzi? Yankho langa n'lakuti mwambo umamanga munthu pamunda. Amene watakasa madzi ola lathunthu ndi dzanja lake n'kuyenda mzere ndi mzere akuwaza, amaona tsamba limene layamba chikasu, amaona pamene madzi akudikha. Amaweta ng'ombe chifukwa akufuna ndowe, amaunjika kompositi, sapopera mankhwala opha udzu. Nyanga ikhoza kukhala yopanda mphamvu, koma maso a mwini munda ali ndi mphamvu. Agogo athu oyang'ana mwezi, odikira kuti mitengo iphuke asanabzale, osakaniza chimanga ndi nyemba ndi maungu pamzere umodzi, nawo anali ndi maso otero. Ife tinawaseka titapita kusukulu.

Apa pali chinthu china chosalungama chimene sichichita phokoso. Mlimi wa ku Mitundu kapena ku Nsaru amene dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo amalima ndi manyowa a khola, mwina amasakaniza wa Mbeya ndi phulusa ndi madeya. Mankhwala sapopera poti ndalama palibe. Chimanga chake ndi tomato wake n'zoyera monga za m'mafamu a satifiketi aja. Koma pamsika amamunenerera mpaka agonje, chifukwa alibe pepala. Pepalalo limafuna woyendera, woyendera amafuna malipiro, ndipo malipirowo ndi a m'madola. Ndiye tikamalipira zambiri pa botolo lolembedwa biodynamic, mbali ina tikulipira ulimi wabwino, mbali ina tikulipira kuti mlimiyo anali kale ndi ndalama zogulira umboni.

Ndipo dzina la munda, ngakhale likhale loona, limatha kubisa. Limatchula dothi, phiri, mphepo, banja la mwini. Manja siliwatchula. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, ndipo minda imene inatsatira inakula ndi thukuta la akapolo. Ukapolo utatha kunapitirira chimene ankati dop: wantchito ankalandira gawo la malipiro ake ngati vinyo, kapu m'mawa, kapu masana, kapu madzulo. Lamulo linaletsa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma m'mafamu ena zinapitirira zaka makumi angapo, ndipo mpaka lero derali lili ndi ana ambiri obadwa ovulala ubongo chifukwa cha mowa umene amayi awo ankamwa ali oyembekezera. Mu 2012 ogwira ntchito m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala. Ankalandira marandi 69 patsiku, ankafuna 150, ndipo mu 2013 boma linaika 105. Abale athu ena amene anatsika ku Joni anathera m'mafamu a ku Western Cape komweko. N'kutheka kuti botolo limene lili pa shelefu m'sitolo yaikulu mumzinda uno, mphesa zake anathyola ndi mnyamata wa ku Mzimba kapena ku Mangochi, koma lebulo ikukamba za mphepo ya kunyanja.

Tisaloze chala kutali kokha. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amadziwika ndi mayina a maesiteti, ndipo ena mwa malowo mbiri yake imabwerera ku nthawi ya thangata. Paketi imatchula phiri. Mayi wothyola masamba mumvula, dengu kumsana, sapezekapo.

Ndiye mwina wina anene kuti, aise, ngati zili choncho dzina n'lachabe, tingomwa chilichonse. Ayi. Yendani pang'ono kuchoka ku 49 kuno, mufike ku Mgona kapena ku Chinsapo. Kumeneko kulinso mabanja ang'onoang'ono opanga chakumwa pakhomo limodzi. Mayi wotcheza kachasu, madeya ndi shuga zake, mgolo wake, paipi yake. Sindikuseka, ndipo sindikunena kuti kachasu ndi wabwino, wagwetsa amuna ambiri amene ndinkawadziwa ali anyamata amphamvu. Koma taonani chinthu chimodzi. Mayi uja ali ndi dzina. Omwa amadziwa kuti wa kwa mayi uje mutu wake ndi woona, wa kwa uje amathira madzi. Ana ake anaphunzira ndi ndalama imeneyo, ndipo wina akadwala atamwa pakhomo pake, mudzi wonse umadziwa khomo lokagogoda. Mantha amenewo amamusunga.

Choopsa kwambiri ndi chakumwa chopanda kwawo. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ukali womwewo unangosamukira m'timabotolo tapulasitiki, ndipo kuseri kwa timene tili ndi lebulo kumayenda tina timene palibe akudziwa amene anasakaniza. Mu 2024 ku Blantyre anthu angapo anamwalira atamwa mowa umene omwa okha anaupatsa dzina loti Ambuye N'tengeni. Taganizani, chakumwa chimene dzina lake lodziwika ndi nthabwala ya imfa. Amene anafa sanali anthu osankha pakati pa Elgin ndi Burgundy. Anali anthu ofuna kuiwala tsiku ndi ndalama yochepa imene inatsala m'thumba.

Apa ndi pamene ine ndaima. Zoti lilime langa lingasiyanitse mzere uwu wa mphesa ndi wa kuseri kwa kanjira, zimenezo ndi za akatswiri, ine sizindikhudza. Chimene ndimalipira ndikagula chinthu chonena kwawo ndi munthu woyankha. Botolo lolembedwa dzina la banja, keyala ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards likunena kuti tikakulakwira, tipeze apa. Banja limene laika dzina lake pa botolo laika chikole, ndipo chikole chimenecho silingachiombole posintha dzina la kampani mawa. Kulipirapo zambiri pa chimenecho sindikuona cholakwika.

Cholakwika ndikuchiona pena. N'chakuti kudziwa chimene ukumwa kwasanduka chinthu cha anthu a ndalama. Wa ku Area 43 amadziwa munda, chaka, ngakhale dzina la phiri. Wa ganyu ku Mgona sadziwa ngakhale ngati zimene zili m'kabotolo kake zinapangidwira kumwa. Kukoma kukhale kwa amene angakwanitse, palibe mlandu, si tonse tidzalawe Romanée-Conti ndipo tulo sitisowa nazo. Koma kudziwa kuti ichi anapanga ndani, ndi chiyani, kuti, sikuyenera kugulitsidwa ngati kukoma. Amene ali ndi ndalama zochepa ndi amene akufunika kwambiri khomo lokagogoda, poti iye chipatala cholipira alibe, loya alibe.

Ndipo kwa mabanja amene asankha kale njira yonena zoona, kaya ku Hemel-en-Aarde, kaya ku Lilongwe, kaya ku Karonga, ndili ndi pempho limodzi, loti asalekere pakati. Lebulo ili ndi malo. Mzere woyamba unene mudzi umene zipatso zinachokera, osati boma lokha. Wachiwiri unene chaka, chabwino kapena choipa. Wachitatu unene kuti wothyola analandira zingati pa ndowa. Mizere iwiri yoyambayo ena akulemba kale, ndipo ogula a ku Ulaya amaiwerenga mpaka kuiloweza. Wachitatuwo sufuna woyendera wa Demeter kapena kudikira mwezi. Nambalayo ili kale m'kope la malipiro, mu ofesi momwemo mmene amasindikizira malebulo.